Amene Anathira Mchere M'mgolo

Pomwe ndinkafika kupolisi, cha m'ma naini m'mawa wa Loweruka, Zainab Kalilu anali atamukhazika kale pabenchi, nsapato atamuvula, mpango wakumutu utapendekeka. Mawa lake linali tsiku la nika yake, ukwati womangidwa ndi Shehe, ndipo mpunga wa alendo unali utapetedwa kale kwawo. Mlandu wake unali woti waba theka la mgolo wa sopo wamadzi, n'kudzazamo madzi a pamjigo kuti anthu asadziwe.

Ine ndine Filipo Chunga. Ndinagwira ntchito zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi mu labu ya fakitale ya shuga ku Dwangwa, kuyeza madzi a nzimbe mpaka maso kuchita chidima. Nditapuma anandisankha kukhala wapampando wa apolisi a m'mudzi kuno kwathu, ntchito yopanda malipiro koma yodzaza ndi matukwano. Ndinenso amene ndinaphunzitsa amayi a gulu la Tiyesenawo kupanga sopo ameneyu, amene amakagulitsa m'malo ogona alendo ku Ngala. Choncho nkhaniyi inandikhudza pawiri, ndipo ndinapsa mtima ndisanamve n'komwe mutu wake.

Kositabo Latifu, mnyamata wa mnzanga wakale, anandiuza mosabisa kuti akangolemba dzina la mtsikanayo m'buku, agona m'selo mpaka Lolemba. Ndinamuchonderera ngati mwana wopempha chitumbuwa. Anayang'ana wotchi yapakhoma, n'kunena kuti cholembera chake chidikira mpaka folo koloko, osapitirira mphindi imodzi.

Ndinagwada pafupi ndi Zainab. Ndi mtsikana wosayankhulayankhula, amene anapatsidwa kiyi wa shedi ya gululo chifukwa chomwecho. Ndinamufunsa chimene chinachitika ndi mgolowo.

"Sindinabe, agogo," anatero.

Ndinamuuza kuti zimenezo ndamva, koma ndikufuna chimene chinachitika. Anangoyang'ana zala zake zakumapazi. Ndinafunsanso, ndinafuula, ndinatchula Faruku amene akumukwatira mawa, ndinatchula mayi ake amene anali kulira panja pansi pa mtengo wa mango. Mtsikana uja duu, ngati ndikuyankhula ndi chulu. Wosalakwa amalira, amalumbira, amaloza mnzake. Uyu anali kusunga chinachake m'kamwa, ndipo anali wokonzeka kugona nacho m'selo.

*

Shedi ya gululo ili kuseri kwa chigayo, mayadi ochepa kuchoka kumene asodzi amayanika usipa. Ndinapeza mabotolo mazana awiri atandandalikidwa opanda kanthu, ndi Mayi Jenifa, wapampando wa gululo, akuzungulirazungulira ngati nkhuku yofuna poikira. Mayi ameneyu anali mzamba zaka zambiri boma lisanaletse, ndipo mpaka lero amayankhula ndi munthu aliyense ngati akumuuza kuti akankhe.

Sanadikire funso. Lachinayi anasakaniza mankhwala onse m'mgolo wa malita mazana awiri, n'kuvundikira kuti thovu ligone. Lachisanu m'mawa linali tsiku la mchere, monga mwa nthawi zonse. Loweruka, lero, anabwera kudzathira m'mabotolo, n'kupeza zimene ndione ndekha. Anakankha chivundikiro, n'kuviika nkhafi yakale imene amatakasira.

Sopo wa Tiyesenawo ndimamudziwa ngati mwana wanga. Ukatukula nkhafi amayenera kunanda ngati uchi, kutsika pang'onopang'ono, wobiriwira moti umaona chala chako kuseri kwake. Uyu anangoti chururu, ngati tiyi, ndipo anali wotuwa ngati madzi otsukira mpunga. Mgolo unali wodzaza mpaka pamzere.

"Mwaona? Wapungula theka, wadzaza madzi," anatero Mayi Jenifa. "Kiyi ndi mmodzi yekha, ndipo amagona m'khosi mwa Zainab. Ukwati wa masiku ano umafuna zambiri, bambo Chunga."

Anawonjezera kuti a Bakari, ogulitsa makala pamphambano, anaona Faruku Lachisanu masana akulowera ku Benga pa njinga yake yamoto, zigubu ziwiri zachikasu zitamangidwa kumbuyo. Masana a Lachisanu, anzake onse ali mumzikiti! Mwana wa Msilamu amathawa mapemphero a Juma chifukwa cha chiyani ngati si katundu wakuba?

Ndinafunsa amene anathira mchere. Anandiyang'ana ngati ndafunsa amene amabala mwana. Mchere ndi wa Lenia, anatero, mkazi wa Dyton, mchimwene wa Jenifayo, amene ali ku Joni chaka chachitatu tsopano. Palibe wina ali ndi dzanja la Lenia. Amasungunula mchere m'beseni, kusefa ndi kansalu, n'kumathira pang'onopang'ono uku akupotokola sopo pakati pa zala, ndipo amadziwa yekha poimira. Iye mwini Jenifa amathira pokhapokha Lenia akakhala kumwezi, chifukwa mkazi wotero sagwira mchere.

Apa ndinatsutsa. Ndinamukumbutsa kuti mwambo umenewo ndi wa ndiwo, kuopa mdulo, kuti wodyayo angatupe miyendo. Sopo amadyedwa ndi ndani?

"Sopo ameneyu amatsuka mbale za ana athu, amachapa matewera," anayankha. "Mchere ndi mchere. Inu za ku labu zisiyeni ku labu. Ndipo musandiikire ine mlandu, miyezi itatu yathayi Lenia sanandipemphe ngakhale kamodzi. Migolo yonse wathira yekha, ndipo yonse inatuluka bwino."

Mawu amenewo analowa khutu ili n'kutulukira linali. Ine maganizo anga anali pa zigubu zachikasu.

*

Faruku ndinamupeza pa siteji ya akabaza, atakhala pa njinga yake osanyamula munthu, akulumaluma chingwe cha chisoti. Amalume ake anali atamuuza kale kuti mtsikanayo akagona m'selo usiku umodzi wokha, Shehe asavutike kubwera. Banja lawo ndi la amalonda akalekale a pa doko pano, ndipo dzina amalisamala kuposa mano.

Faruku amayankhula mothamanga, mawu akupondana. Zigubu zinali zopanda kanthu, akulu, wallahi zopanda kanthu, anapita nazo ku Benga kukagula mafuta ophikira a paukwati kwa msuweni wake amene amayenga mpendadzuwa. Anandikokera kwawo, kunali pafupi, n'kunditsegulira zigubuzo. Ndinanunkhiza, ndinaviikamo chala, ndinalawa. Mafuta enieni. Ndinapukuta kunja kwa chigubu ndi nsalu yonyowa, osatuluka thovu ngakhale pang'ono, ndipo amene anasungapo sopo m'chigubu amadziwa kuti fungo la mandimu lija silichoka ngakhale utatsuka kasanu.

Ndinamufunsa chifukwa chimene anasankhira nthawi ya Juma. Pamenepo lilime lija linayamba kulemera. Anati anali ndi kasitomala wofulumira. Ndani? Mayi wina. Dzina? Anali atafunda chitenje kumutu, sanamuone bwino. Ndinamuuza kuti kabaza amene sadziwa mkazi amene wamugwira m'chiuno kuchokera kuno mpaka ku Benga sanabadwe.

"Zainab ndi amene anandipempha kuti ndimunyamule," anatero, maso ali pansi. "Anandilumbiritsa. Musandifunsenso, akulu."

Anthu awiri tsopano, onse otseka pakamwa ndi ulusi umodzi. Koma ine ndinali ndi changu, wotchi inali itakwana leveni, ndipo ndinaganiza kuti mayi wofunda chitenje alibe chochita ndi mgolo wanga. Ndinamusiya Faruku akulumabe chingwe chake.

*

Lenia amakhala nyumba yoyandikana ndi ya makolo a Zainab, mpanda umodzi wa bango. Ndinaodira katatu. Anatuluka akugwira khoma, n'kukhala pamkeka pakhonde, milomo itayera. Anati ndi malungo, anamugwira kuyambira Lachinayi usiku.

Ndinamufunsa ngati anathira mchere Lachisanu. Anati mchere unathiridwa. Ndinamufunsa kuti sopo anali bwanji pochoka. Anati sakukumbuka bwino, mutu unali kuzungulira. Mayankho ake anali ofupika ngati a munthu amene akuwerenga mpweya wake. Kenaka anafunsa chifukwa chimene ndikufunsira zonsezi, ndipo ndinazindikira kuti palibe amene anamuuza.

Nditanena kuti Zainab ali kupolisi, ndipo kuti nika ya mawa ikulendewera pa ulusi, mkazi uja anagwira pamimba ndi manja onse awiri.

"Wanena chiyani kumeneko?" anafunsa.

Ndinati sananene kanthu, ndipo vuto lake ndi lomwelo. Lenia anatseka maso, misozi n'kuyamba kutsika yokha osalira mawu. Ndinaganiza kuti ndi chisoni cha pa chinansi. Ndinamuuza kuti amwe mankhwala, ndipo ngati angathe abwere ku shedi isanakwane folo, chifukwa ndifuna onse okhudzidwa akhalepo. Ndinanena zimenezo ndi pakamwa panga, ine Filipo, wopanda wondituma.

*

Ndinabwerera ku shedi dzuwa lili paliwombo, ndinapempha Mayi Jenifa kuti andisiye ndekha, n'kutseka chitseko. Anthu akakana kuyankhula, ine ndimafunsa zinthu, chifukwa zinthu sizilumbiritsidwa.

Choyamba chimene chinkandivuta chinali kutuwa kuja. Sopo wothiridwa madzi amachepa mtundu, koma amakhalabe woonekera. Satuwa. Ndinatunga kapu imodzi, kuthira m'botolo la madzi, kukhutchumula. Thovu linadzaza botolo mpaka kukhosi, lolimba, losafulumira kugwa. Sopo wobedwa theka sachita thovu lotere. Mphamvu yake yonse inali momwemo, kungoti anali atakana kunanda.

Ndinayatsa mbaula, n'kuika supuni ya sopoyo pamoto. Madzi atauma, pasupuni panatsala chikhakha choyera, chothetheka. Ndinachigwiritsa kunsonga kwa lilime. Kalanga ine, mchere wokhawokha, ngati ndanyambita thumba la nsomba zofutsa!

Pamenepo ndinayamba kugwetsa zinthu. Beseni la Lenia losungunulira mchere linali chovundikirika pamwamba pa shelefu, louma, ndipo kangaude anali atamanga kale kanyumba pakati pa beseni ndi khoma. Kansalu kosefera kanali gwaa, kouma ngati chikopa. Thumba la mchere wa mibulu, limene Mayi Jenifa ananena kuti analitsegula sabata yatha, ndinalipeza kuseri kwa makatoni litapindidwa bwinobwino, mulibe ngakhale wothira m'dzira. Ndinavula shati, ndinapisa mkono wonse m'mgolo, ndinakanda pansi ndi nkhafi n'kutukula. Panali mibulu ya mchere yosasungunuka.

Ndinakhala pa chigubu n'kudzitukwana. Cholakwa chinali changa. Pophunzitsa amayi aja ndinawauza theka la nkhani, kuti mchere umalimbitsa sopo. Theka linalo ndinalisunga, poganiza kuti ndi za ku labu, zingowasokoneza.

Nkhani yonse ndi iyi. Kanthu kakang'ono kamene kamapanga sopo kali ndi mutu wokonda madzi ndi mchira wodana nawo. M'madzi tinthu timeneti timasonkhana timagulu, michira kubisala mkati, mitu kunja, n'kupanga timipira tosaoneka ndi maso. Mitu imeneyi imakankhana, chifukwa yonse ili ndi mphamvu ya magetsi ya mtundu umodzi, ndiye timipirato timakhala patalipatali, kumagubuduzika momasuka, ndipo sopo amayenda ngati madzi. Mchere ukalowa umaziziritsa kukankhanako. Mitu imayandikana, timipira timalumikizana n'kukhala tizingwe titalititali, ndipo tizingweto timakolana ngati ukonde woponyedwa m'bwato mosasamala. Kukolana kumeneko ndiko kunanda. Koma pali pamwamba pa phiri. Ukapitiriza kuthira, tizingwe timayamba kuchita nthambi, mfundo zake n'kumatsetsereka m'malo mogwira, tina n'kuduka, ndipo ukonde wonse umamasuka. Sopo amabwerera kukhala madzi, amatuwa, ndipo ukawonjezeranso mchere amalekana pawiri. Zala za Lenia zinkadziwa pamwamba pa phiri limenelo, ngakhale mutu wake sunkadziwa kuti kuseri kwake kuli chigwa.

Amene anaima pa mgolo uwu Lachisanu sanali Lenia. Anali munthu amene anangoonererapo, amene anathira mchere wouma ndi manja, n'kuona sopo akulimba, n'kusangalala, n'kuwonjezera. Ataona kuti wayamba kusungunuka anachita mantha, ndipo mankhwala okhawo amene ankawadziwa anali mchere womwewo, mpaka thumba linatha. Munthuyo anali ndi kiyi m'khosi.

Panatsala kuyesa kumodzi. Ndinatunga theka la kapu ya sopo wotuwayo, n'kuyamba kudonthezamo madzi a pamjigo uku ndikutakasa. Wotchi inali itadutsa kale thili.

*

Kositabo Latifu anavomera kubweretsa Zainab ku shedi, ngakhale ankadandaula njira yonse kuti ndimuchotsetsa ntchito. Amayi a gululo anadzaza mkati, ena pazenera. Faruku anaima pakhomo ndi amalume ake, bambo wa ndevu zoyera amene sanapereke moni kwa aliyense. Lenia anafika pomalizira, akuyenda ngati akuponda minga, n'kutsamira khoma pafupi ndi shelefu.

Ndivomere, ndinali wokondwa. Zaka zisanu ndi zitatu chipumireni pantchito, palibe amene anandifunsapo kanthu ka mu labu, ndipo tsiku limenelo mudzi wonse unali kuyang'ana m'manja mwanga. Ndinandandalika makapu atatu agalasi pa tebulo. Awiri ndinathiramo sopo wa mumgolo. Yachitatu inali ndi sopo watsopano amene ndinasakaniza ndekha, wopanda mchere.

Ndinafunsa Mayi Jenifa kuti sopo wothiridwa madzi amamukonza bwanji. Anati ndi mchere, ngakhale mwana akudziwa. Ndinatapa mchere umene ndinagula pagolosale, kuthira m'kapu yoyamba, kutakasa. Sopo uja anatuwiratu, kenaka n'kulekana, zoterera pamwamba, madzi pansi. Anthu anayamba kung'ung'udza.

Kenaka ndinanyamula jagi ya madzi. Mayi wina anaseka, akuti mdala wapenga, akufuna kuchiza chigumula ndi mvula. Ndinathira m'kapu yachiwiri pang'onopang'ono. Kutuwa kunayamba kuchoka, mtundu wobiriwira n'kubwerera, supuni n'kuyamba kulemera m'dzanja langa. Nditaitukula, sopo anatsika ulusi umodzi wautali wosaduka.

Ndinawafotokozera za tizingwe ndi ukonde, mwina motalikitsa kuposa mmene zinafunikira. Ndinawaonetsa supuni ya chikhakha, thumba lopanda kanthu, ndi mibulu ya pansi pa mgolo. Palibe dontho limene labedwa, ndinatero. Sopo yense ali momwemu, wangomwa mchere wa migolo iwiri, ndipo tikasakaniza ndi mgolo wina wopanda mchere tipeza migolo iwiri yabwino. Kositabo Latifu anabweza cholembera m'thumba la shati. Amalume a Faruku anakhosomola, n'kunena kuti Alhamdulillah, ndipo kwa nthawi yoyamba anayang'ana Zainab kumaso.

Ndikanaima pamenepo. Mulungu ndi mboni, ndikanaima pamenepo, aliyense akanapita kwawo kukaphika mpunga.

Koma Mayi Jenifa anafunsa kuti tsono wathira mchere wonsewo ndani, popeza Lenia sangachite uchitsiru wotere. Zainab anayankha msangamsanga, mawu ambiri kuposa onse amene ananena tsiku lonse. Anati ndi iyeyo. Anati ankafuna kudziyesa, kuti akapita kubanja azikapanga sopo wakewake, ndiye anatsegula shedi Lenia asanabwere. Anati amuchotse m'gulu ngati akufuna, walakwa. Bodza lake linali losokedwa bwino, ndipo anthu anali atayamba kulimeza.

Ine ndi amene ndinaling'amba. Kapu yachitatu inali ikadali patebulo, ndipo ndinkafuna kumaliza phunziro langa mokoma, kuti onse aone mmene dzanja lodziwa limachitira. Ndinatapa mchere m'mbale, ndinadutsa pakati pa amayi, n'kutambasula dzanja kwa Lenia.

"Bwera, mwana wanga," ndinatero. "Aonetse poimira."

Lenia anayang'ana mcherewo ngati ndamulozetsa njoka. Anabweza manja onse awiri kumbuyo, n'kuwapanikiza pakati pa msana wake ndi khoma. Ndinaseka, ndinati asachite manyazi, n'kusendeza dzanja pafupi. Anapukusa mutu. Kumbuyo kwanga ndinamva Zainab akuti, "Agogo, chonde," ndi mawu amene sindidzawaiwala.

Amuna tinali tisanamvebe kanthu. Koma amayi onse anali atasiya kupuma, ndipo Mayi Jenifa anali kuyang'ana mlamu wake kuyambira kumilomo yoyera ija mpaka mmene anaimira, miyendo itatalikirana. Maso a mzamba sapuma pantchito. Anati ngati ali kumwezi bwanji sanamutumire uthenga Lachisanu, monga amachitira nthawi zonse. Kenaka ndinaona milomo yake ikuwerenga chamumtima, ndipo nanenso mawu ake a m'mawa aja anandibwerera. Miyezi itatu osapempha ngakhale kamodzi. Mwamuna ali ku Joni chaka chachitatu. Mayi wofunda chitenje pa njinga ya Faruku, kupita ku chipatala cha kutali kumene sakumudziwa, pa ola limene amuna onse ali mumzikiti.

Lenia sanadikire kuti amufunse.

"Ndinapita padera mbandakucha wa Lachisanu, alamu," anatero. "Zainab ndi amene anandigwira. Mchere sindikanaukhudza, ndikanapha ana a anthu. Kukuitanani inu sindikanatha, mukanandiona kamodzi kokha n'kudziwa. Ndiye ndinatuma iyeyu. Musiyeni, alibe mlandu."

Pamenepo ndinamvetsa chimene Zainab ankasunga m'kamwa. Iye sankadziwa za phiri langa la mchere. Ataona sopo akusungunuka m'manja mwake, anakhulupirira kuti ndi mdulo womwewo, kuti tsoka la Lenia ladula mgolo umene Leniayo anautakasa Lachinayi, ndipo kuti akangotsegula pakamwa amayi onse adziwa. Anasankha kutchedwa wakuba tsiku loti mawa akwatiwa.

Mayi Jenifa anamasula mfundo ya chitenje, n'kutulutsa foni. Tonse tinadziwa nambala imene ankafuna. Ankaphonya mabatani, akubwereza kuti mchimwene wake akugona m'kachipinda ka malata kudziko la eni chifukwa cha mkazi ameneyu. Palibe amene analimba mtima kumugwira. Zainab yekha, wopanda nsapato, anapita kukaima patsogolo pake.

"Mayi, ine ndinavomera kugona m'selo," anatero. "Inu simungadikire kuti ayambe wasiya kutaya magazi?"

Kenaka Mayi Jenifa anaika foni patebulo chafufumimba, pakati pa makapu anga atatu. Anatembenukira kwa ine, anagwira dzanja langa limene linali likadali chitambasulire ngati la wopempha, n'kukokolola mchere wonse kuuthira m'dzanja lake.

"Mchere wa mwezi uno ndithira ndine," anatero. "Amuna nonse tulukani. Wina andibweretsere madzi otentha ndi mkeka, mwanayu waima nthawi yaitali."

Tinatuluka ngati ana othamangitsidwa m'kalasi, ine, Kositabo, Faruku ndi amalume ake, ndipo chitseko chinatsekedwa kumbuyo kwathu. Amalume aja anauza Faruku kuti akatenge nsapato za mkazi wake kupolisi, Shehe abwera mawa teni koloko. Kositabo anandigwira paphewa, akuti ndagwira ntchito yaukatswiri, mlandu watha wopanda pepala.

Pa mazenera panali amayi khumi ndi awiri amene anamva zonse, ndipo foni ya ku Joni sikhala ndi Jenifa yekha. Ndinaima pamenepo, chigayo chikulira, ndikuyang'ana chikhatho changa. Timibulu ta mchere tinali titamatirira m'mizere ya dzanja, ndipo ndinapukuta pa thalauza kangapo konse koma sitinachoke.